Kwa a Patironi a Mphanje United, Amene Munapita ndi Chikho Chathu

Tiyirumu ya kwa Tisiyenji,
Moyang'anizana ndi chigayo,
Nsaru.

Olemekezeka Bwana Patironi wa Moyo Wonse,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ndipo mawondo angawa si a mtsikana ayi, choncho muone nokha kukula kwa ulemu wanga. Ine ndine Tisiyenji Kamphinda. Ndimagulitsa tiyi ndi masikono pano pa Nsaru, komanso ndine wapampando wa ochemerera timu yanu ya mpira, Mphanje United. Mwina simungandikumbuke. Ndine mayi uja munamupatsira jekete kuti akugwirireni ku Namitete, n'kumutcha kuti "amayi ophika". Sindinakhumudwe ngakhale pang'ono. Jeketeyo inali yofewa, ndipo fungo lake linakhala m'manja mwanga mpaka mawa lake.

Tikadabwera tokha ku ofesi yanu m'tauni, koma ulendo uliwonse umene a komiti afikako, mlonda wanu amati mwangotuluka kumene. Foni yanu nayonso imakhala pa msonkhano nthawi zonse. Ndiye anzanga anati ndilembe poyera, mwina wina wokukondani akuwerengerani pa nthawi ya tiyi.

Poti ntchito zinakuchulukirani, ndikukumbutseni kaye za mwana wanuyu. Timuyi inabadwa chaka chija fodya anagwa mtengo ku okushoni. Anyamata atamaliza kusankha fodya m'zigafa analibe chochita, ndipo a Fanuel, aphunzitsi a kupulayimale amenenso ndi mkulu wa mpingo, anaona kuti onsewa athera ku kachasu. Anakapempha kwa bambo awo, a Luka, tchire lina la kuseri kwa msika. A Luka anavomera, ngakhale malowo ankafuna kudzalapo mtedza. Anyamata a kabaza, oyendetsa ngolo ndi ogulitsa pa siteji anazula zitsa, kusalaza zulu, n'kuzika mapolo a bulugama. Popeza bwalolo linali mphanje, dzina la timu silinativute kupeza. Masewero athu oyamba tinagonja ndi zigoli zochuluka moti oyimbira anasiya kuwerenga, koma anthu anabwerera kwawo akuseka, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ochuluka kuposa pamenepo.

Inu munatipeza patapita zaka. Munabwera kumaliro a amalume anu, ndipo pobwerera galimoto yanu inalephera kudutsa chifukwa cha chinamtindi cha anthu opita kukaonera ife tikulimbana ndi anyamata a ku Kabudula. Munatsitsa galasi. Amene anali pafupi amati mpira simunauyang'ane n'komwe, munkangoyang'ana mitu ya anthu, milomo ikugwedera ngati munthu wowerenga mbuzi polowa m'khola. Pa nthawi yopumulira munali mutaima kale pakati pa bwalo. Munadzisankha nokha, popanda wopikisana naye, kukhala Patironi wa Moyo Wonse, ndipo munatilonjeza sitediyamu, yunifomu ndi basi. Tinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Ndiye lero ndabwera kudzathokoza, chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha sitediyamu. Munabweradi ndi mwala wa maziko, wolembedwa dzina lanu m'zilembo zagolide, pamodzi ndi wojambula zithunzi. A Fanuel anakulozerani malo abwino kunja kwa mzere, pansi pa mtengo wa mango, koma wojambulayo anati pamenepo pali mthunzi, nkhope yanu sioneka bwino. Motero mwalawo unamangidwa ndi simenti m'bwalo mwenimweni, chapafupi ndi kona ya kumadzulo. Sitediyamuyo sinafike, koma mwalawo unatitumikira mokhulupirika. Anyamata athu anauzolowera, ankauzemba ngakhale atatsinzina. Alendo ndiye ayi. Mnyamata wina wa ku Mpingu, waliwiro ngati wothamangitsidwa ndi njuchi, anasiya chikhadabo chake pa dzina lanu, ndipo kuyambira pamenepo matimu onse ankaopa kudzera mbali imeneyo. Ochemerera anaupatsa mwalawo dzina lakuti Nambala Thuu. Kunena zoona, Olemekezeka, palibe wotchinga kumbuyo amene anatigwirira ntchito mosatopa ngati inu, dzuwa ndi mvula, osapempha ndi madzi omwe.

Titalowa mu ligi ya m'boma lathu, akuluakulu a ligi anati tichotse mwalawo, apo ayi tizikasewerera kwina. Tinaukumba ndi chisoni. Musade nkhawa, sunatayike. Uli ku mjigo, ndipo amayi timachapirapo zovala za timu. Zilembo za dzina lanu zimachotsa litsiro bwino zedi, makamaka la m'masokosi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha yunifomu. Munatumiza katoni ya malaya achikasu, onse a saizi yanu, aliwonse ali ndi nkhope yanu ikumwetulira pachifuwa. Manambala kumbuyo kunalibe, mwina poti pamaso panu tonse ndife ofanana. Eliya, womwetsa zigoli wathu, amene amayendetsa ngolo ya ng'ombe ndipo ndi wowonda ngati phesi, atavala ake anamufika m'mawondo. Kabudula sankaoneka, moti amayi ena a mvano anayang'ana kumbali poganiza kuti mwanayo waiwala kuvala. Komabe nkhope yanu inagwira ntchito. Mpira uliwonse woimitsa pachifuwa unkayamba wakupatsani moni, ndipo Lloyd, goloboyi wathu, anabweza mipira yambiri ndi mphuno yanu.

Tsoka ilo a ligi anawakana malayawo, ati bwalo la mpira si malo a msonkhano. Tinapatsidwa masabata ochepa kuti tipeze yunifomu yeniyeni, apo ayi timu ichotsedwe. Tinakuimbirani, koma munali pa msonkhano uja. Inali nthawi yokumba mtedza. Ine ndi anzanga tinatenga malichero n'kuyenda khomo ndi khomo, aliyense kutapa mmene wathera, wina mtedza, wina soya, wina nkhuku yamoyo imene inativutitsa njira yonse. Tinagulitsa kwa mavenda n'kugula nsalu yobiriwira. Aubrey, telala wa pakhonde la golosale, anasiya madiresi a ukwati wa eni ake n'kusoka majezi athu. Manambala anadula pa nsalu yoyera yotsala ku mabulauzi a mvano. Sikisi ndi naini anazisoka mofulumira, moti mpaka lero zimakanganitsa oyimbira akafuna kulemba wolakwa.

Kuyambira tsiku limenelo timu inasiya kukhala ya anyamata okha. Aliyense amene anatapa mtedza wake amati "timu yathu", ndipo aliyense amafuna kuuza a Fanuel woyenera kusewera. Mukadatigulira yunifomu yabwino, Olemekezeka, bwenzi anthu akungoonera ngati za eni. Nzeru zoterezi ife a kumudzi sitikadaziganiza.

Chachitatu, basi. Iyi sitinaionebe ndi maso, koma mbiri yake timaimva. Poyamba inali pa doko ku Dar es Salaam, kenako inali pa chipata cha Songwe, kenako inkadikira mapepala, kenako tinamva kuti yabwereranso pa doko. Ndi basi yoyenda imeneyo, yaona dziko kuposa ife eni ake. Poidikira, anyamata ankapita ku masewero akutali pa njinga, wina kupalasa, wina kumbuyo atakumbatira nsapato, n'kumasinthana pa zitunda. Matimu a m'tauni amalemba akatswiri olimbitsa thupi. Ife munatipatsa msewu wa ku Kabudula, ndipo palibe timu imene inatiposa mpweya m'chigawo chachiwiri.

Ulendo umene sindidzauiwala ndi wa ku Nambuma, mvula yoyamba itangogwa. Tinakwera lole ya a Gilbert, ija imanyamula mabelo a fodya, osewera kutsogolo, ife a ng'oma kumbuyo. Titafika pa dambo lina lole inatitimira mpaka m'mimba. Osewera onse anatsika n'kuyamba kukankha atavala kale majezi, matayala akuwathira matope kumaso. Tinafika ku Nambuma oyimbira atayang'ana kale wotchi, akufuna kupereka mapointi kwa eni bwalo. Panalibe nthawi yosamba. Anyamata analowa m'bwalo ali matope mpaka m'makutu, onse ofanana ngati miphika yosawotcha. A ku Nambuma anali atalangizidwa sabata yonse kuti agwire Eliya, koma Eliya anali uti pamenepo? Pomwe thukuta linkamutsuka nkhope kuti amuzindikire, anali atamwetsa kale zigoli ziwiri. Kodi basi yokhala ndi magalasi ikadatichitira zimenezi?

Chachinayi, ndipo apa ndithokoze mwapadera, ndi tsiku la fainolo ku Namitete. Poti munafika mochedwa pang'ono, mundilole ndikufotokozereni zimene zinachitika musanabwere.

Tinkasewera ndi Kakuyu Rangers, timu ya eni mashopu, yokhala ndi nsapato zofanana ndi zikwama zolembedwa mayina. Wopambana ankatenga chikho n'kukwera kupita mu ligi ya chigawo chapakati. Pa Nsaru tsiku limenelo panatsala agalu ndi mlonda wa pachigayo basi. Ngakhale a Luka, eni malo aja, amene miyendo inawakana kale, anati sangatsale. Tinawakweza pa lole ndi mpando wawo womwe, n'kuwakhazika m'mbali mwa mzere atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo.

A Rangers ndiwo anayamba kumwetsa. Ng'oma zathu zinati zii. Pa nthawi yopumulira a Fanuel sanakalipe. Anangouza anyamata kuti, "Tayang'anani uko. Anthu onsewo asiya minda yawo chifukwa cha inu. Mukagonja palibe mlandu, koma muwapatse choti akakambe panjira." Chigawo chachiwiri chitangoyamba Eliya anadumpha pakati pa zimphona ziwiri n'kubweza chigoli ndi mutu. Kenako, nthawi itatsala pang'ono kutha, oyimbira anapereka penate kwa a Rangers. Amayi ena anafunda zitenje kumutu. A Gilbert anakabisala kuseri kwa lole yawo. Koma Lloyd ndi munthu amene amagulitsa mazira owiritsa pa siteji, kuthamangira ma minibasi ndi thireyi pamutu, ndipo sanagwetsepo ngakhale limodzi. Anauluka kumanzere n'kuuwakha mpirawo ngati dzira, ndipo asanadzuke bwinobwino anauponya kutsogolo. A Rangers anali atakhamukira onse kwathu kudikira kusangalala. Eliya anathamanga yekhayekha theka lonse la bwalo, goloboyi wawo n'kumudyetsa njomba, mpira n'kuukhazika mu ukonde mwaulemu.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindingazilongosole bwino, chifukwa ndinapezeka ndili pakati pa bwalo, mpango kumutu kulibe, patapata mmodzi kulibe. Ndinaona a Fanuel, mkulu wa mpingo amene sanavinepo ngakhale pa ukwati wa mwana wawo, akudula chiuno pamaso pa abusa. Ndinaona a Luka akulira mwakachetechete, akumenya ndodo yawo pansi.

Apa m'pamene galimoto yanu inatulukira, wezulo yomaliza italira kale. Munafika pa nthawi yabwino, fumbi litayamba kukhazikika, kuti lisakudetsereni suti. Munatenga chimkuzamawu n'kulankhula mawu ogwira mtima akuti, "Ndanyadira kwambiri ana anga a Kakuyu Rangers, amene ndawalera kuyambira pachiyambi." Anyamata a Rangers, amene anali atagona pansi ndi chisoni, anadzuka n'kukuomberani m'manja. Munthu wina wamba akadangosangalala ndi opambana, koma inu munakumbukira kutonthoza ogonja. Ife tinaphunzirapo kanthu.

Kenako munanyamula chikho. Anyamata anali atagwirizana kale kuti woyamba kuchigwira akhale a Luka, ndipo mkuluyo anali atatambasula manja pa mpando wake paja. Inu munaona kuti chikhocho chili ndi fumbi, chosayenera manja a munthu wamkulu, ndiye munati mukachipukutitse kaye m'tauni. Chinalowa m'galimoto, chitseko n'kutsekeka. A Luka anabweza manja awo m'bulangete. Tinachionanso m'nyuzipepala, chikuwala bwino m'manja mwanu. Chakumapeto kwa chithunzicho kukuoneka khutu la Eliya, ndipo mayi ake anadula pepalalo n'kulimata pakhoma.

Chichokereni inu, zinthu kuno zayenda. Ligi yatsopanoyi imafuna bwalo lokhala ndi mpanda komanso chipinda chosinthira zovala. Ulendo uno sitinakuvutitseni ndi foni. Midzi inagawana ntchito, ina kuumba njerwa, ina kutema nkhuni zowotchera, a Gilbert kututa mchenga. Mpanda waima mbali zitatu, ndipo mbali yachinayi tatseka kaye ndi udzu. Mapolo a bulugama aja tachotsa, owotcherera zitsulo a pamsika atipangira achitsulo. Atsikana nawo ayambitsa timu yawo, akuitsogolera ndi Ndaziona, namwino wophunzira kumene, ndipo amakankha mpira moti anyamata ena amaonera ali chete. Ana a sukulu amene kale ankakangana za matimu a ku Ulaya, lero akumenyanirana kuti Eliya akhale ndani. Loweruka la mpira ogulitsa chipisi, nzimbe ndi zitumbuwa amabwerera kwawo madengu ali opanda kanthu, ndipo ine ndawonjezera mabenchi mu tiyirumu.

Chachisanu ndicho chandigwiritsa cholembera. Sabata yatha tinakumvani pa wailesi. Munati timu yanu, imene mwaivutikira zaka zonsezi, yakula tsopano ndipo siyeneranso kukhala kumudzi. Munati muisamutsira m'tauni, muipatsa dzina la kampani yanu, ndipo mubweretsa osewera odziwa kuvala nsapato. Mu tiyirumu munali anthu odzaza, ndipo kwa kanthawi palibe amene anameza tiyi. Eliya anali pomwepo. Anayang'ana mapazi ake, n'kutuluka kukamasula ng'ombe zake.

Madzulo a tsiku lomwelo tinakumana pa bwalo. Sitinaitane anthu, anangobwera okha, ena ndi makasu ali paphewa. A Fanuel anafotokoza nkhani yonse mofatsa, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Timu si mbuzi yoti munthu angaimange pa keliyala n'kupita nayo." Atafunsa kuti ndani akufuna Mphanje ikhale pa Nsaru, manja anakwera onse, ena awiriawiri, ndi a mlendo wina wogula soya amene sankadziwa n'komwe nkhani yake. Choncho ndatumidwa kuti ndikuuzeni, mwaulemu wonse, kuti tayesetsa kufufuza njira yonyamulira timuyi koma talephera. Osewera mukhoza kuwakweza galimoto. Nanga amayi a malichero aja, midzi youmba njerwa, a Luka ndi mpando wawo, atsikana a Ndaziona, ana a sukulu, onsewa akakhala kuti m'tauni? Tawerengera ndithu, ndipo taona kuti ngakhale mpanda wa nyumba yanu, umene timamva kuti ndi waukulu, sangakwanemo.

Tsono ndili ndi mapempho awiri okha, ndipo ndikuwapereka ndi manja awiri.

Loyamba ndi la chikho. Tikukhulupirira kuti pofika lero chapukutika mokwanira. Masewero athu oyamba mu ligi yatsopano ali pafupi, ndipo maso a a Luka akunka nachita chidima. Amafunsa za chikhocho aliyense wokawaona, ndipo mayankho atithera. Musavutike kubwera nokha, msewu wathu ndi wa fumbi. Mungochikulunga m'nyuzipepala n'kupatsira kondakitala aliyense wa minibasi ya ku Nsaru. Simufunika kulemba keyala, onse amatidziwa, ndipo ambiri a iwo fainolo ija anaionera kuyambira poyamba.

Lachiwiri ndi lokhudza inu mwini. Komiti yaona kuti takulemetsani nthawi yaitali, ndipo si bwino kuti dalitso lotere likhale la mudzi umodzi. Ife takula, tikhoza kuyenda tokha. Koma tamva kuti cha ku Chiwamba kuli anyamata amene angoyamba kumene, akumenya mpira wachikulunga pa bwalo la zitsa, alibe wowayang'anira ndiponso sakudziwa kuti angathe. Amenewo ndiwo akukusowani. Pitani mukaime pakati pawo, mukadzisankhe monga mwa nthawi zonse, mukawalonjeze chilichonse chimene chingakufikeni pakamwa, ngakhale ndege. Ife tidzasangalala kukumana nawo mu ligi zaka zikubwerazi ali amphamvu. Koma chonde, Olemekezeka, ndakugwirani mwendo, musakakwaniritse ngakhale chimodzi. Mungawononge ana a eni ake.

Ine wamng'ono pa onse okuthokozani,

Tisiyenji Kamphinda,
Wapampando wa Ochemerera,
Mphanje United ya pa Nsaru.